Kandalama ka Mkuwa ka Aroma: M'mene Tingakadziwire ndi Kukaika m'Gulu Lake

M'phunziro lathu la lero tidzabwerera m'mbuyo zaka zoposa 1,600, kukaona tindalama ta mkuwa timene anthu a mu ufumu wa Roma anali kugulira mkate ndi mafuta pamsika. Tisanayambe, ali yense akhale ndi pensulo, pepala ndi rula patsogolo pake. Ngati aphunzitsi ali ndi ndalama ya citsulo m'thumba, aiike pathebulo kuti nonse muione.

Tayang'anitsitsani ndalamayo. Ikuuzani zinthu zitatu musanaifunse: dzina la dziko, mtengo wake, ndi caka cimene inapangidwa. Ena a inu muli ndi agogo amene anasunga ka ngwee imodzi kakale, kofiirira, kamene kanayamba kuyenda mu 1968 ndi mutu wa Pulezidenti Kenneth Kaunda. Nakonso kali ndi zinthu zitatu zomwezo. Tsono ganizirani kandalama kena kofanana nako kukula ndi maonekedwe, koma kopanda caka, kopanda nambala ya mtengo, ndipo mau ake ali m'Cilatini codulidwadulidwa. Umu ndi m'mene ziliri ndalama za mkuwa za Aroma. Komabe munthu wozidziwa, akakatenga m'manja, akhoza kunena kuti, "Aka kanasulidwa mu mzinda wa Alexandria, pakati pa caka ca 330 ndi 335." Kodi adziwa bwanji? Palibe matsenga. Iye afunsa mafunso anai, limodzi pambuyo pa linzake, osalumpha ngakhale limodzi. Mafunso amenewo ndiwo tidzaphunzira lero.

UFUMU WA ROMA NDI NDALAMA ZAKE

Ufumu wa Roma unazungulira nyanja ya Mediterranean. Unayambira ku Britain kumpoto kufikira ku Egypt kumwera, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja a maiko amene lero tiwacha Morocco, Algeria, Tunisia ndi Libya anali m'kati mwake. Zaka zonse zimene ndidzachula ziwerengedwa kuyambira pa kubadwa kwa Yesu Kristu, monga tiwerengera masiku ano.

Aroma anali ndi ndalama za golide, za siliva ndi za mkuwa. Za golide zinali za boma, za asilikali ndi za anthu olemera. Za mkuwa ndizo zinali m'manja mwa munthu wamba tsiku ndi tsiku. Mkuwawo anali kuusanganiza ndi tini ndi mtovu, ndipo nthawi zina ndi siliva pang'ono.

Makina kunalibe. Mmisiri anali kuzokota cithunzi ndi zilembo pa zidindo ziwiri za citsulo colimba. Cimodzi anali kucikhazika pansi, naika kacidutswa ka mkuwa pamwamba pake, nasanjikapo cidindo caciwiri, ndipo anali kumenya ndi nyundo. Malo ogwirira nchito imeneyi tidzawacha cipala ca ndalama, pakuti anali ngati cipala ca wosula makasu. Kumbukirani kasulidwe kameneka, cifukwa kafotokoza cinthu cimene mudzaona kawirikawiri. Cidindo cikapendeka, zilembo zina zinali kugwera kunja kwa mkuwa, ndipo dzina la mfumu linali kutuluka lopanda mutu kapena lopanda mcira.

Nkhani yathu iyambira pa mfumu Diocletian, amene analamulira kuyambira 284 kufikira 305. Iye anapeza ndalama za dziko zitaonongeka, motero ca m'ma 294 anatulutsa ndalama yatsopano ya mkuwa, yaikulu, yolemera magalamu pafupifupi 10. M'kati mwake munali siliva wosapitirira magawo 5 pa magawo 100 alionse, koma kunja inali kung'anima ngati siliva weniweni. Pasanapite zaka zambiri, zipala zonse za ufumuwo, kuyambira London kufikira Alexandria, zinali kusula ndalama zofanana, za mau a Cilatini. Cifukwa ca ici, njira imodzi yowerengera itithandiza pa ndalama za ufumu wonse.

FUNSO LOYAMBA: KODI NDI YAIKULU BWANJI?

Ikani rula pamwamba pa ndalama, mupime kucokera m'mphepete kufikira m'mphepete inzake, kupyola pakati penipeni. Akatswiri agawa ndalama zimenezi m'magulu anai monga mwa kukula kwake. Yoposa mamilimita 25 aicha AE1. Ya mamilimita 21 kufikira 25 aicha AE2. Ya mamilimita 17 kufikira 21 aicha AE3. Yocepera mamilimita 17 aicha AE4. Zilembo ziwiri izi, A ndi E, zicokera ku liu la Cilatini lakuti aes, ndiye kuti mkuwa.

Mwina mudzafunsa kuti, bwanji sitizichula ndi maina ake enieni? Cifukwa ndi ici: Aroma sanalembe dzina la ndalama pa ndalamayo. Malamulo ao akale achula maina monga nummus, centenionalis ndi maiorina, koma sanena poyera kuti dzina liti ndi la ndalama iti. Ngakhale dzina lakuti follis, limene mabuku ambiri apatsa ndalama yaikulu ya Diocletian, poyamba linali kutanthauza thumba lomangidwa lodzala ndi ndalama. Motero akatswiri anaona kuti kuli bwino kulemba cimene rula inena, kusiyana ndi kulota dzina.

Kukula kutipatsa cithunzithunzi coyamba. Ndalama yaikulu ndi yocindikala kawirikawiri ndi ya zaka zoyambirira, pafupi ndi 300. Kandalama kakang'ono ngati cikhadabo kawirikawiri ndi ka zaka za pafupi ndi 400. Koma musaimire pomwepa, pakuti analipo mafumu ena a pakati amene anayesanso kusula ndalama zazikulu.

FUNSO LACIWIRI: KODI KUMBUYO KULI CITHUNZI CANJI?

Ndalama ili ndi mbali ziwiri. Mbali ya mutu wa mfumu tidzaicha kumaso, inayo tidzaicha kumbuyo. Munthu wofulumira athamangira kumaso kuti adziwe mfumu, koma wodziwa nchito ayamba watembenuza ndalama. Mitu ya mafumu a nthawi imeneyo ifanana kwambiri, pamene cithunzi ca kumbuyo cinali kusintha pakapita zaka zowerengeka, monga asinthira maluwa a pa nsalu za m'sitolo. Mukadziwa cithunzi, mwadziwa nyengo. Cherani khutu, ndikuuzeni zithunzi zimene zipezeka kawirikawiri.

Mukaona mwamuna woimirira, atagwira kambale m'dzanja lamanja ndi nyanga yodzala ndi zipatso kumanzere, ndi mau akuti GENIO POPVLI ROMANI, ndiye kuti "kwa mzimu wosunga mtundu wa Aroma", imeneyo ndiyo ndalama yaikulu ya Diocletian ndi anzake, yoyambira mu 294.

Mukaona mwamuna wa cisoti ca kuwala kwa dzuwa, atakweza dzanja lamanja, ndi mau akuti SOLI INVICTO COMITI, "kwa Dzuwa losagonjetseka, mnzake wa mfumu", muli m'zaka za pakati pa 310 ndi 318, m'nthawi ya mfumu Constantine, amene analamulira kuyambira 306 kufikira 337. Mfumu imeneyi ndiyo inayamba kukondera Akristu itapambana nkhondo ya pa mlatho wa Milvius mu 312, koma ndalama zake zisonyeza kuti mulungu wa dzuwa anakhalabe pamenepo zaka zingapo pambuyo pake.

Cipata ca msasa wa asilikali, ca nsanja pamwamba ndi nyenyezi, ndi ca zaka za pakati pa 324 ndi 330.

Asilikali awiri oimirira, ali yense ndi mkondo ndi cishango, ndi mau akuti GLORIA EXERCITVS, "ulemerero wa gulu la nkhondo", anayamba mu 330. Apa werengani mbendera zimene zili pakati pao. Zikakhala ziwiri, ndalamayo ndi ya 330 kufikira 335. Ikakhala imodzi, ndi ya 335 kufikira ca m'ma 341, pakuti ndalama itacepetsedwa malo a mbendera ziwiri anasowa. M'zaka zomwezo munatuluka ndalama zina ziwiri zopanda mutu wa mfumu, zolemekeza mizinda. Ya VRBS ROMA ili ndi mmbulu woyamwitsa ana amapasa a m'nthano ya Aroma, Romulus ndi Remus. Ya CONSTANTINOPOLIS ili ndi mkazi wa mapiko, woimira Cipambano, ataima kutsogolo kwa ngalawa, pokumbukira mzinda watsopano umene Constantine anatsegula pa 11 May 330.

Mu 348, mzinda wa Roma utakwanitsa zaka 1,100 monga mwa ciwerengero ca eni ake, kunatuluka ndalama za mau akuti FEL TEMP REPARATIO, "kubwezeretsedwa kwa masiku a cimwemwe". Cithunzi cofala kwambiri pa zimenezi ndi ca msilikali wa Roma alikulasa mdani amene wagwa ndi kavalo wake.

Ndalama yaikulu yokhala ndi zilembo za Cigiriki X ndi P zopingasana, zoimira dzina la Kristu, inasulidwa ca m'ma 353 ndi Magnentius, mkulu wa asilikali amene analanda ufumu wa kumadzulo mu 350. Yaikulu ina, ya ng'ombe yamphongo ndi nyenyezi ziwiri pamwamba pake, ndi ya Julian, amene analamulira yekha kuyambira 361 kufikira 363 nayesa kubwezera dziko ku milungu yakale.

Kuyambira 364 kufikira 378, m'nyumba ya Valentinian ndi mbale wake Valens, munali zithunzi ziwiri: mfumu ilikukoka wogwidwa pankhondo ndi tsitsi, ndi mau akuti GLORIA ROMANORVM, "ulemerero wa Aroma"; ndiponso mkazi wa mapiko uja alikuyenda ndi nkhata ya masamba m'manja, ndi mau akuti SECVRITAS REIPVBLICAE, "citetezo ca dziko". Potsiriza, kuyambira 388, m'masiku a Theodosius ndi ana ake Arcadius ndi Honorius, munabwera tindalama tating'ono ta AE4 ta mau akuti SALVS REIPVBLICAE, "cipulumutso ca dziko".

FUNSO LACITATU: KODI MUTUWO NDI WA YANI?

Tsopano tembenuzani ndalama kumaso. Mau ayambira kumanzere pansi, nazungulira pamwamba pa mutu. Dziwani kuti Aroma anali kulemba V pamene ife tilemba U, ndi I pamene ife tilemba J, ndiponso sanali kusiya mipata yoonekera pakati pa mau. Popeza malo anali ocepa, maina aulemu anali kuwadula. AVG ndi Augustus, mfumu yaikulu. CAES, kapena C yekha, ndi Kaisara, ndiye kuti mfumu yaing'ono yoyembekezera mpando. NOB C ndi "Kaisara wolemekezeka koposa". D N ndi "mbuye wathu". P F ndi "woopa milungu ndi wodala". IVN ndi "wamng'ono". Pali cinthu cina cokondweretsa: mafumu aakulu akakhala awiri, kumbuyo anali kulemba AVGG, ndipo akakhala atatu, AVGGG. Mwa kuwerenga ma G mudziwa kuculuka kwa mafumu.

Onaninso cimene mfumu yabvala kumutu. Mafumu oyambirira abvala nkhata ya masamba. Kuyambira ca m'ma 325 Constantine anayamba kubvala lamba wa ufumu, ndipo amene anamtsata anabvala lamba wa ngale. Diocletian ndi anzake ali ndi ndevu zazifupi ndi makosi aakulu. Constantine ndi ana ake ndi ometa. Julian, atakhala mfumu yaikulu, ali ndi ndevu zazitali.

Bvuto lalikulu lili m'banja la Constantine, m'mene maina afanana ngati mbeu za nyemba. CONSTANTINVS ndi Constantine mwini wake, koma pakakhala IVN ndi mwana wake wa dzina lomwelo. CONSTANTIVS, wopanda N yacitatu ija, ndi munthu wina. CONSTANS ndi winanso. Cilembo cimodzi cisiyanitsa mbale ndi mbale wake.

Ndipo dzina la Constantius lokha linali ndi eni ake atatu amene anakhalapo Akaisara. Woyamba ndi atate ake a Constantine, Kaisara kuyambira 293. Waciwiri ndi mwana wa Constantine, Kaisara kuyambira 324. Wacitatu ndi Constantius Gallus, wa m'banja lomwelo, Kaisara kuyambira 351 kufikira 354. Kodi tidzawasiyanitsa bwanji? Apa ndi pamene funso laciwiri litipulumutsa. Kumbuyo kukakhala mzimu wa kambale uja pa ndalama yaikulu, ndi woyamba. Kukakhala asilikali awiri, ndi waciwiri. Kukakhala wokwera pa kavalo wakugwa, dzina lili ndi NOB C, ndipo mutu uli wosabvala kanthu, ndi Gallus. Mwaona tsopano cifukwa cake tinayambira kumbuyo.

FUNSO LACINAI: KODI INASULIDWA KUTI?

Tembenuzaninso kumbuyo, muyang'ane pansi pa cithunzi. Pali kamzere, ndipo pansi pa kamzereko pali tizilembo tating'ono. Ici ndico cizindikiro ca cipala. Zipala zinalipo pafupifupi 15, ndipo cili conse cinali kudula dzina la mzinda wake. LN kapena LON ndi London, cipala cimene cinatsekedwa ca m'ma 325. TR ndi Trier, m'dziko la Germany la lero. LG ndi Lyon, ku France. R ndi Roma. AQ ndi Aquileia, ku Italy. SIS ndi Siscia, umene tsopano uchedwa Sisak, ku Croatia. TS kapena TES ndi Thessalonica, ku Greece. CONS ndi Constantinople, umene lero ndi Istanbul. N ndi Nicomedia, K ndi Cyzicus, AN kapena ANT ndi Antioch, yonse itatu m'dziko la Turkey la lero. AL kapena ALE ndi Alexandria, ku Egypt.

Pa dzina la mzinda anali kuonjezapo zilembo zina. SM kutsogolo atanthauza "ndalama yopatulika", ndiye kuti ya mfumu. Ndiponso cipala cili conse cinali ndi zipinda zingapo za amisiri, ndipo cipinda cili conse cinali ndi cilembo cake, kuti ndalama ikapezeka yoperewera adziwe woyankha mlandu. Kumadzulo kawirikawiri anali kulemba P, S, T, Q, zoimira coyamba, caciwiri, cacitatu ndi cacinai m'Cilatini. Kum'mawa anali kulemba zilembo za Cigiriki, A, B, Γ, Δ. Motero PTR ndi cipinda coyamba ca ku Trier, ndipo SMANB ndi cipinda caciwiri ca ku Antioch.

Pano pali msampha. Mzinda wa Arles, ku France, unapatsidwa dzina lakuti Constantina mu 328, ndipo cipala cake cinayamba kulemba CONST. Wosasamala adzanena kuti ndi Constantinople, nalakwitsa ndi ulendo wa miyezi. Koma taonani kumene kuli cilembo ca cipinda: PCONST ndi SCONST ndi za ku Arles, pamene CONSA ndi CONSB ndi za ku Constantinople.

Africa anali ndi zipala ziwiri. Ca ku Alexandria cinakhala nthawi yonseyi. Ca ku Carthage, pafupi ndi mzinda wa Tunis wa lero, cinagwira nchito zaka zocepa, kuyambira ca m'ma 296 kufikira ca m'ma 311. Pa ndalama ina ya kumeneko pali mkazi woimira Africa, wobvala cikopa ca mutu wa njobvu, atagwira mnyanga m'dzanja, ndi mkango pa mapazi ake.

TIYESE TSOPANO

Lembani zimene ndidzanena. Tili ndi kandalama ka mamilimita 18, kolemera magalamu awiri ndi theka. Funso loyamba layankhidwa: ndi AE3. Kumbuyo kuli asilikali awiri ndi mbendera ziwiri, motero tili pakati pa 330 ndi 335. Kumaso kuli mnyamata wa nkhata ya masamba, ndi mau akuti FL IVL CONSTANTIVS NOB C. Palibe N yacitatu, ndipo asilikali aja atiuza kale kuti ndi mwana wa Constantine, akali Kaisara, atate ake ali moyo. Pansi pa kamzere pali SMALB: ndalama yopatulika, Alexandria, cipinda caciwiri. Taonani, kandalama kopanda caka katiuza nyengo yake, mwini wake, mzinda wake, ngakhale cipinda cimene nyundo inagwera. Akatswiri apitirira apa nafuna nambala yake m'mabuku aakulu ochedwa Roman Imperial Coinage, m'mene ndalama zinandandalikidwa cipala ndi cipala.

Koma si ndalama zonse zimene ziyankha mafunso onse anai. Zambiri zinaperepeseka m'manja mwa anthu, zina zinadyedwa ndi nthaka. Lamulo ndi ili: lembani cokhaco cimene maso anu aona. Pamene cilembo sicioneka, ikani kadontho. Kuli bwino kulemba kuti "banja la Constantine, 330 kufikira 335, cipala cosaoneka", kusiyana ndi kupeka dzina limene lidzasokeretsa wobwera pambuyo panu. Yang'anani ndi galasi lokuza zinthu, kuwala kukucokera m'mbali, ndipo mutembenuze ndalama pang'onopang'ono. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musaikwecese ndi mcenga, phulusa kapena mandimu. Khungu lobiriwira kapena lakuda la pa mkuwa wakale ndilo kawirikawiri lisunga zilembo, ndipo mukalicotsa mwacotsa mau omwe. Dziwaninso kuti zilipo ndalama zotsanzira. Ku Britain, m'zaka za m'ma 350, ndalama za boma zitasowa, anthu anadzisulira zao potsanzira wokwera pa kavalo uja. Zimenezi zidziwika ndi kucepa kwake ndi zilembo zosokonezeka. Zilipo ndi zonyenga za masiku ano, zothiridwa m'cikombole, zimene kawirikawiri zikhala ndi kamsoko m'mphepete.

CIMENE NDALAMA ZINENA ZIKAIKIDWA PAMZERE

Kodi phindu la nchito yonseyi n'ciani? Ndalama imodzi inena mau a mfumu. Koma ndalama zambiri, zikaikidwa pamzere monga mwa zaka zake ndi kupimidwa pa sikelo, zinena cinthu cina cimene mfumu sinalembe.

Mverani manambala awa. Mu 294 ndalama inali ya magalamu pafupifupi 10. Pofika 310 inali ya magalamu anai ndi theka. Mu 313 inangopitirira pang'ono magalamu 3. Mu 330 inali ya magalamu awiri ndi theka, ndipo m'masiku a mbendera imodzi aja inacepera magalamu 2. Mu 348 anaikuzanso kufika magalamu 5, nalembapo za masiku a cimwemwe, koma zisanathe zaka khumi inali itabwerera ku theka lake. Pofika 390 kandalama kofala kanali ka galamu imodzi ndi pang'ono, ndipo kung'anima kwa siliva kunali kutaiwalika kale.

Nanga mau a pamwamba pake anali kuti ciani m'zaka zonsezo? Ulemerero, cimwemwe, citetezo, cipulumutso. Ndalama za "citetezo ca dziko" zinali m'misika yonse pamene mfumu Valens inaphedwa pamodzi ndi gulu lake lalikulu pa nkhondo ya ku Adrianople mu 378. Diocletian yemwe, pamene ndalama yake yong'anima inali itayenda zaka zisanu ndi ziwiri zokha, anakakamizika mu 301 kuika lamulo la mitengo ya zinthu zoposa 1,000, ndi cilango ca imfa kwa wokweza mtengo, koma lamulolo silinagwire. Paja akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitinena kuti mau a pa ndalama alibe nchito. Iwo atiuza cimene wolamulira anafuna kuti anthu akhulupirire. Sikelo itiuza cimene mai wogulitsa ndiwo pamsika analandira m'dzanja lake. Wophunzira mbiri amvetsera mboni zonse ziwiri, ndipo sangazimvetsere ngati sanayambe waika ndalama ili yonse m'caka cake.

Njira yomweyi ithandiza ofukula zakale. Mu 1981, pafupi ndi Misurata ku Libya, kunapezeka ndalama zotere zoposa 100,000 zokwiriridwa pamodzi. Mu 2013, pa Seaton Down ku Devon, m'dziko la England, panapezeka zina 22,888, zimene zisungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya mu mzinda wa Exeter. Kodi zinakwiriridwa liti? Akatswiri anafunsa ndalama ili yonse mafunso athu anai aja, napeza kuti zatsopano koposa pa za ku Devon ndi za 347 kapena 348. Munthu sangakwirire ndalama imene isanasulidwe, motero dzenjelo silinakumbidwe caka cimeneco cisanafike. Mwini wake sanabwerenso kudzazitenga.

Nkhani ya tindalama timeneti inatha mu 498. Ufumu wa kumadzulo unali utagwa kale mu 476, koma ku Constantinople mfumu Anastasius inasula ndalama yaikulu ya mkuwa, niikapo kumbuyo cilembo cacikulu M, cimene m'ciwerengero ca Cigiriki ndi 40, kusonyeza kuti ilingana ndi tindalama tating'ono 40. Kuyambira pamenepo wogula anayamba kuona mtengo wolembedwa pa ndalama ya mkuwa, monga muuonera pa ndalama ili pathebulo la aphunzitsi anu.

Tisanatseke, tibwereze pamodzi mafunso athu. Kodi ndi yaikulu bwanji? Kodi kumbuyo kuli cithunzi canji? Kodi mutuwo ndi wa yani? Kodi inasulidwa kuti? Ndipo pamene simuona bwino, ikani kadontho. Tsalani bwino, ana, kufikira phunziro lotsatira.

ZOCITA PAMBUYO PA PHUNZIRO

Aphunzitsi, kalasi siliyenera kukhala ndi ndalama ya Aroma kuti licite izi. Lembani mau a Cilatini pa bolodi ndi zilembo zazikulu, ndipo musabvutitse ana ndi kachulidwe kake. Cofunika ndi kuzindikira zilembo.

1. Mwana ali yense aike pepala pamwamba pa ndalama ya citsulo, napakepo pensulo kufikira cithunzi cituluke. Apime kukula kwake ndi rula, nanene gulu limene ikadalowa, kuyambira AE1 kufikira AE4.

2. Pa mapu, ana apeze London, Roma, Istanbul, Tunis ndi Alexandria, nalembe pambali pa inai ya mizindayi cizindikiro ca cipala cake monga amva m'phunziro. Kodi ndi mzinda uti umene cizindikiro cake sicinachulidwe?

3. Ana azokote cilembo pa mbatata yodulidwa, nacidinde pa dothi lonyowa. Kodi mmisiri ayenera kuzokota cilembo coyang'ana kuti, kuti cituluke bwino?

4. Kandalama ka mamilimita 15 kali ndi asilikali awiri ndi mbendera imodzi. Kumaso kuoneka CONSTANTINVS IVN NOB C, ndipo pansi pa kamzere pali SCONST. Ana ayankhe mafunso onse anai.

5. Ana akulu ajambule mizati yosonyeza kulemera kwa ndalama mu 294, 310, 330, 348 ndi 390, ndipo akambirane: kodi wogulitsa mkate akadacita ciani poona kuti ndalama ilikucepa caka ndi caka?